Sikelo inavomera, kompyuta inakana

Kampani imene ankagwirako itagulitsidwa, achimwene anga sanapezenso ntchito, ndipo njala inalowa m'nyumba mwawo kukomboni ya Kanyama osaodira. Inayambira pa mwana wawo wamwamuna. Anali ndi zaka zitatu, koma ukamunyamula zinkangokhala ngati wanyamula nkhuku.

Bungwe lina linatsegula ofesi pafupi ndi msika, n'kumapereka ufa wa soya kwa ana onyentchera. Ine ndinaperekeza alamu anga, mayi a mwanayo. Mwana ankayamba wakwera sikelo, kenako mtsikana wa zikhadabo zopaka utoto ankalemba zaka ndi makilo ake patsamba la pa intaneti. Tsambalo linali ndi malire osunthasuntha. Ukalemba zaka, lokha linkagamula makilo amene mwana wa msinkhu umenewo angakhale nawo, ndipo nambala yakunja kwa malirewo linkailavula. Amene analikonza ndikhulupirira Kanyama ankangomumva.

Mtsikanayo analemba, panatuluka malemba ofiira. Analembanso, chimodzimodzi.

"Amai, kompyuta yakana," anatero. "Ikamba ati mwana wa zaka vitatu sangapepuke so. Simunama zaka imwe?"

"Ninamubala neka," anayankha alamu. "Na sikelo mwaiona mweka."

"Manje nichite bwanji? Onani mzere."

Anayesa kuchepetsa zaka. Malire anasuntha, makilo analowa, koma mwana anasanduka khanda loyenera bere, osati ufa. Anabweza zaka zija, n'kutsonya.

"Wanga nayenso ali na zaka vitatu," anatero, ndipo analemba makilo a mwana wake, wodya soseji. Kufiira kunatha.

"Yavomera! Mwana wanu ali che bwino, unga ni wa odwala. Wina abwere!"

Ndinamupempha akonze, anati zikalowa zalowa. Ndinatukwana mpaka mlonda anatikankhira panja ngati akuba. Amayi a pamzere sanatiyang'ane n'komwe, anangosendera kutsogolo, poti thumba lathu linali litatsalira iwo. Mtsikana uja ndimadana naye mpaka lero, ndipo abusa anayesa kundilangiza n'kutopa okha.

Mvula yoyamba isanagwe, mwana anatisiya. Achimwene analibe mphamvu zoyenda, choncho kwa mmisiri wa mabokosi ndinapita ine. Anandifunsa zaka, ndinati zitatu, iye n'kunditulutsira bokosi la msinkhu umenewo.

Linamukulira. Ine ndi alamu tinachita kutsendera zitenje m'mbali, kuti mwana asamagubuduke popita kumanda.