Makalata a M'phulusa

Nditamaliza kalasi yachinayi, ija tinkati kwarta kalasi, ku Fonte Boa, airima, masisitere a pa mishoni, anandiphunzitsa kulemba pa makina, nandipezera ntchito ku Beira. Amayi anakana. Mwana wamkazi ndinali ndekha, koma mutu unali wouma ngati wa malemu bambo. Tsiku lokakwera mashibombo, basi ya ku Beira, sanandiperekeze. Anangoti, maso ali pa lichero, "Pita, Rozina. Usavutike n'kulemba, ine sindiwerenga."

Mawu amenewo anandipweteka zaka zinayi.

Ntchito yanga inali kuboola timapepala tolimba. Adzukulu amaseka ndikawauza kuti komputadori inkadzaza chipinda, ndipo sinkawerenga inki koma zibowo. Azungu awiri ankalemba malangizo ake, ife n'kumaboola. Kuboola zinthu zosazidziwa kunkandinyansa, choncho ndinkatola timapepala totayidwa. Pa nkhomaliro a Dona Selesti, mayi wachikulire wa makina oyandikana ndi anga, ankatiyala pa tebulo nati, "Peza polakwika. Ukapapeza, ndikuuza chifukwa chake." Chaka chachitatu ndinalemba programa yangayanga, yowerenga matumba a pa doko. Makina anaikana kasanu, kenako anavomera. Ndinasowa womukumbatira.

Malipiro ankathera nyumba ndi chakudya, ndiye makalata ndinkalemba kumbuyo kwa timapepala tomweto. Poyamba akatekisita akwathu ankawawerengera amayi n'kuyankha mizere iwiri. Nkhondo itayandikira akatekisitawo anathawira ku Dedza, mayankho zii. Mumtima ndinati amayi anditaya. Ndinkalembabe, mwina chifukwa cha liuma lomwelo.

Azungu atayamba kulongedza katundu kuti abwerere kwawo, ndinapempha masiku a tchuthi, n'kubwerera kumudzi. Ndinapeza amayi atachepa thupi. Anandiyang'ana nsapato kaye, kenako nkhope.

"Wadya?"

Moni wonse unali womwewo, ndipo mantha anga anakula.

Kutacha anandituma kutulutsa mtsuko wa nyemba za mbewu, zimene kwathu timasunga m'phulusa. Nditapisa dzanja ndinagunda mtolo womanga ndi luzi. Anali makalata anga, onse.

"Ankafika atadyedwa kale ndi anankafumbwe," anatero amayi. "Ndinati mwana wanga akuvutika, ngakhale pepala labwino alibe. Wondiwerengera anachoka, ndiye ndinawathira phulusa kuti tizilombo tisamalize mawu ako usanabwere."

Ndinatsegula pakamwa kuti ndifotokoze za zibowo, koma misozi inanditsogolera. Mpaka anamwalira sindinawauze.

Tinakhala pakhonde, ine n'kumakutumula phulusa, n'kumawerenga imodziimodzi kuyambira pamene akatekisita analekezera. Amayi ankasankha nyemba ngati sakumva. Ndinafika pa ina yaifupi: "Amayi, makina anandikana kasanu, koma lero avomera. Ndikanakonda mukanakhala pano."

Manja awo anaima.

"Akanapitiriza kukana bwanji?" anatero. "Mutu umenewo unandigonjetsa ine amene ndinaubala. Bwerezanso pamenepo."