Wenzulo ya bambo

Loweruka lapitali, pa paki ya ku Tottenham pomwe mdzukulu wanga amasewera mpira, wenzulo inalira. Ndinangozindikira ndaimirira.

Bambo anga anali mphunzitsi woyamba wa mpira pa koleji ya aphunzitsi kwathu. Wenzulo yawo yachitsulo, yonunkha fodya, sinkachoka m'khosi. Akaliza, anyamata ankathamanga opanda nsapato pabwalo lotentha mpaka wina kukomoka. Kunyumba ankaitanira yomweyo amayi. Akaliza kamodzi ndiye madzi osamba, kawiri ndiye tiyi.

Tsiku lina ndinati, "Amayi, mumathamanga kuposa anyamata onse aja. Bambo akuikeni m'timu."

Amayi anaseka, ataphimba mlomo wotupa ndi chitenje. "Ndinalowamo kalekale, mwananga."

Anyamata aja ankamaliza maphunziro n'kumapita kwawo. Amayi anaithamangira wenzulo ija mpaka tsiku lomwe tinawaika m'manda.