Injini ya M'katoni ya Kumudzi

Kwathu ku Edmonton, mumzinda wa London, kuli lamulo limodzi loposa onse: katundu wa kumudzi sakhudzidwa. Chinthu chikangolowa m'katoni n'kumatidwa tepi, ndiye kuti chafika kale ku Malawi, kaya kontenayo ichedwe zaka. Ine malamulo otere amandiyabwa m'manja. Ndine mtsikana uja anathira mchere mu shuga wa amayi a mvano, ndipo ndikakumbuka nkhope zawo ndimasekabe ndekha m'basi.

Adadi ankagwira ntchito yosamalira okalamba mpaka msana unawakana. Adokotala anawauza kuti zonyamula ndi zowerama zatha. Chomwe chinawatsala ndi kadimba kathu ka ku alotimenti, malo omwe khonsolo imabwereketsa anthu timinda, ndi makina owazira nkhuni omwe ankaima pafupi ndi shedi. Odula mitengo ankatula zipika pageti, adadi n'kumagubuduzira pamakinapo, kukoka chogwirira, chipika n'kung'ambika chokha. Nkhunizo ankagawira a m'madimba anzawo, zina zinkapita kokaotchera nyama ya kutchalitchi. Akabwera kumeneko ankanunkha utsi ndipo ankadya bwino.

Tsiku lina injini ya makinawo inatsokomola, kulira ngati miyala ili m'chitini, n'kukhala chete. Yanoka. Okonza anangoyang'ana chithunzi pafoni n'kunena kuti zotere sakonza, amataya.

Loweruka lotsatira ndinawapeza adadi atagwira nkhwangwa. Anatema chipika, kenako anaima atagwira m'chiuno, akuyang'ana kumwamba ngati kuli ndege.

"Adadi, msanawo."

"Iwe, ine ndinayamba kuwaza nkhuni amako asanamere mano."

Kunyumba anakwera masitepe chokwawa, akuganiza kuti palibe akuona. Ine ndinaona. Mawa lake nkhwangwa inasowa. Anakayikira nkhandwe, anakayikira ana a m'mafulati, ine ndikuwathandiza kufufuza ndi mtima wonse, chonsecho ndaikwirira pansi pa mulu wa manyowa. Koma anayamba kufunsa kwa anzawo yobwereka, ndiye ndinadziwa kuti kubisa kokha sikundifikitsa patali.

M'shedi munali katoni yolembedwa ndi inki yakuda, ya amalume a ku Ntcheu. M'katimo munali injini yatsopano yoti ikayendetse makina otongolera chimanga. Inakhala pamenepo kuyambira ndili ku pulayimale.

Tsiku lomwe adadi anapita kuchipatala kokawongola msana, sukulu sinandione. Ndinatsamiritsa foni pamphika wa maluwa, mavidiyo akundilangiza. Mabawuti a pansi anamasuka mosavuta. Chinandivuta ndi kachitsulo kolumikiza injini ndi pampu. Kanakakamira mpaka ndinakatukwana m'zilankhulo zonse ziwiri. Nditakagonjetsa, kakiyi kake kanagwera m'udzu, ndipo ndinakwawa ngati nkhuku yofuna chiswe. Injini yatsopano imabwera yopanda oyilo, zimenezo ndinaziwerenga, ndinathira. Yakufa ija ndinaikweza pa wilibala, kuigoneka m'katoni, kumata tepi bwinobwino. Kulemera kwake chimodzimodzi.

Vuto linali mtundu. Yakale inali yakuda, iyi yofiira ngati tomato. Ndinaipaka oyilo wakutha ndi dothi mpaka inaoneka ngati yavutika moyo wonse.

Loweruka ndinati, "Adadi, tangoyesani kamodzi. Mwina inangotopa."

"Yanoka imeneyo, mayi. Yakufa sadzutsa."

"Nanga kutchalitchi mumatiuza zotani?"

Anandiyang'ana cham'mbali, n'kukoka chingwe mwaulesi. Inalira pompo. Anaima, mutu atapendeketsa, kumvetsera. Anapukuta pathanki ndi chala, kufiira kuja n'kutulukira. Analowa m'shedi, ndinamva tepi ikung'ambika, ndipo ndinayang'ana kumene kuli geti.

Anatuluka akupukuta manja.

"Ndiye amalume ako uwatumizira mtembo?"

"Si inu mumati ku Ndirande kulibe injini yakufa? Kuno akana. Ipite kwa odziwa."

Pakamwa pawo panayamba kugwedera. Anatembenuka kuti ndisaone, koma mapewa anawaulula kuti akuseka.

"Ukawafotokozere wekha pafoni. M'Chichewa, osasakaniza."

Ndinawafotokozera, ndipo chilangocho chinali chachikulu kuposa kumenyedwa, chifukwa amalume anaseka Chichewa changa kuposa nkhani ya injini. Pomaliza anati itumizidwe, ali ndi mnzawo amene amadzutsa zoposa pamenepo.

Masana amenewo adadi anagubuduza chipika chachikulu ndi phazi, ine ndinachikweza, iwo n'kukoka chogwirira ali chiimire, msana uli njo. Chinang'ambika pakati n'kununkha utomoni.

"Za nkhwangwa zija," anatero osandiyang'ana, "nkhandwe za ku London zafika poipa."

"Zedi, adadi."

Pamulu wa manyowa paja chaka chino pamera maungu, ndipo akubereka mochititsa nsanje. Ndawauza kuti asakumbepo, mizu yake ndi yosachedwa kukhumudwa.