Malovu a Che Jumanne

Che Jumanne a ku Chinengundu anakumba golide ku Kadoma mpaka mgodi unawatula. Anzawo a pansi pa nthaka anawaperekeza kumanda mmodzimmodzi, chifuwa chitawamaliza. Iwo ayi. Zaka zapitirira makumi asanu ndi anayi, koma mano ali mbee, ndipo kumzikiti amapita wapansi, opanda ndodo.

Chomwe chinawathera ndi wocheza naye. Mayi akunyumba anatsogola kalekale. Adzukulu Chichewa amamva, koma amayankha m'Chishona, mwachidule, maso ali pafoni.

Mwezi wa Ramadani kunabwera Eliness, namwino wa kafukufuku wa anthu okalamba ndi thanzi. Makolo ake anali a ku Dedza, ogwira ntchito m'mafamu.

"Mwaswera bwanji, agogo?"

Mkuluyo anachita kudzuka yekha kukatenga mpando wachiwiri.

"Tikufuna tidziwe chimene ena amabadwa nacho m'magazi, choti matenda aziwalambalala," anatero Eliness. "Chimaoneka ndi m'malovu momwe. Mungolavulira m'kabotoloka mpaka pamzerepa."

"Ndikusala kudya, mwanangu. Kukamwa kwauma ngati msewu wa ku Mubaira."

Tsikulo ankanena zoona. Eliness anati abweranso Lachinayi, ndipo anachezako pang'ono za kwawo kwa mkuluyo ku Mangochi, za mchemwali wawo yemwe sakudziwa ngati akadali moyo.

Kusala kunatha, Idi inadutsa, koma kukamwa sikunanyowe. Lero adya chimanga chokazinga, Lachinayi linalo akuti mphepo yawaumitsa. Kabotolo kakadzadza, angabwerenso ndani kudzawapatsa moni m'chinenero chawo?

"Agogo, inu mukucheza chonsechi popanda malovu?" Eliness ankaseka, n'kukhala pansi.

Kenako linafika Lachinayi loti sanaseke. "Mawa galimoto yathu ikusamukira ku Ngezi. Kuno tamaliza. Ngati simukufuna, musakakamizike."

Che Jumanne anakayang'ana kabotoloko nthawi yaitali. Anatembenukira kukhoma, poti wamkulu salavula pamaso pa mlendo, ndipo posakhalitsa kanadzadza kupitirira mzere.

"Tenga. Koma ukawauze anzakowo. Mankhwala otalikitsa moyo akawapeza, asamapatse munthu mmodzi. Aziwapatsa awiriawiri."

Anamuperekeza mpaka pokwerera kombi, kuyenda kwawo kwa mnyamata ndithu. Atabwerera anapeza mdzukulu wakhala pampando wachiwiri uja, ali pafoni.

"Waswera bwanji, Zulfa?"

Mtsikanayo anangogwedeza mutu.