Lenzi ya Magalimoto pa Ukwati wa ku Mlolo

Maganizo opita ku Halale anandifikira ndili m'munda wa apongozi anga, khasu lili m'manja. Kwathu ndi ku Pembamoyo, koma nditakwatira Enelesi ndinakakhala kwawo ku Mlolo monga achitira mkamwini aliyense. Chaka chimenecho chimanga chinakana, msonkho unali kudikira, ndipo anzanga ochokera ku Halale ankatidutsa pa njinga zonyezimira. Zonsezi n'zoona, koma chimene chinandinyamula kwenikweni n'chakuti ndinkakhulupirira kuti apongozi anga aakazi sankandifuna.

Nkhope yawo sindinkaidziwa bwino. Mwambo wake ndi umenewo, mkamwini ndi apongozi sayang'anizana. Tikakumana panjira iwo ankapatukira kutchire, nsalu kumaso, ine n'kupatukira mbali inayo. Koma apongozi a anzanga akapatuka ankaponyako kamoni ali kutchire komweko. Anga ankangoti zii. Ndinkawazindikira ndi mapazi ndi katsokomoledwe. Mawu awo ankandipeza kudzera mwa Enelesi, ndipo kawirikawiri anali onena za mizere yanga yokhota. Ndinanyamuka Enelesi ali woyembekezera. Sanandiletse, anangondikazingira mtedza wa kamba wa paulendo.

Ine ndi anzanga tinadzera kwa Apwitikizi n'kuwoloka Zambezi pa Tete, pena wapansi pena pa lole. Ku Halale ndinayamba ndi kukumba ngalande, kenako ndinapeza ntchito yosesa m'sitolo ya Mgiriki wina wojambula zithunzi. Tsache linandifikitsa m'chipinda chamdima motsukira zithunzi, ndipo m'kupita kwa nthawi ndinayamba kumunyamulira katundu. Loweruka tinkajambula maukwati, Lamlungu mpikisano wa magalimoto kunja kwa tauni.

Ndinkagona m'kachipinda kuseri kwa sitoloyo, mofungatira fungo la mankhwala otsukira zithunzi. Kusungulumwa kwa kumeneko ndikukukumbukira mpaka lero. Tsiku lonse ndinkagwira nkhope za anthu, kuzitsuka ndi kuziyanika pachingwe, koma panalibe ndi mmodzi yemwe wondiitana kuti aPhiri. Mauthenga a kumudzi ankabwera ndi Sandikonda wa ku Zingalume, amene anali khukhi kwa mzungu ndipo ankapita kwawo chaka ndi chaka. Ndiye anandiuza kuti kwabadwa mwana wamkazi, dzina lake Marita. Ndinam'patsira ndalama ndi nsalu za Enelesi, komanso bulangete lofiira la apongozi. Atabwerako ndinam'funsa kuti apongozi anati chiyani za bulangetelo. Anati analandira. Ndinadikira kuti mwina awonjezera, koma mawu anathera pomwepo.

Patapita zaka, Mgiriki uja anandigulitsa kamera yake yakale, n'kumandidula pamalipiro pang'onopang'ono. Inali yoyang'anira pamwamba. Umaigwirira pamimba, n'kuwerama, ndipo chithunzi umachiona pa kagalasi ka pamwamba pake. Lenzi, yomwe ndi galasi lakutsogolo, anaichotsa n'kuisunga. Ndinatsala ndi kamera yopanda diso, ndipo m'thumba munali ndalama za lenzi imodzi yokha, nayonso yakale.

Pa sitolo ya mwenye wogulitsa katundu wakale panali malenzi awiri olowa pa kamera yangayo. Ndinachita monga anandiphunzitsira Mgiriki. Ndinaloza iliyonse kudzuwa kuona ngati mkati mwamera nkhungu, ndinapotoza mkombero wake kumva ngati ukulimba, ndinayang'ananso galasi lakumbuyo, chifukwa kukalika kwa kumbuyo n'kumene kumawononga chithunzi kuposa kwa kutsogolo. Onse awiri anali abwino. Yaifupi inali yopepuka, yotenga banja lonse uli pafupi, ndiponso yoona bwino ngakhale m'tchalitchi mwamdima. Imeneyo ndiyo ya maukwati. Yaitali inali yolemera ngati munsi wa kamtondo, yofuna dzuwa ndi manja osanjenjemera, koma yokoka chinthu chakutali n'kuchiika pamphuno pako. Inali yophwanyika pang'ono pamlomo, n'chifukwa chake mtengo wake unatsika mpaka kufanana ndi wa inzakeyo.

Masiku ano anyamata akandifunsa lenzi yogula ndi ndalama zochepa, ndimawauza kuti ayambe adziwa pamene adzaloledwe kuima. Ine pa mpikisano sindinkaloledwa kuyandikira. Azungu ankaima m'mphepete mwa msewu, ife akuda kuseri kwa waya, kutali. Ojambula maukwati anali ambiri kale m'lokeshoni, koma panalibe wakuda wojambula magalimoto. Ndinatenga yaitali. Mumtima ndinkadziwa tanthauzo lake. Munthu wogula lenzi ya magalimoto sakuganiza zobwerera ku Mlolo, kumene galimoto ikadutsa anthu amaikamba mpaka sabata yamawa.

Ntchitoyo inandiyanja. Ndinapeza malo moyang'anizana ndi pokhota, pamene magalimoto ankadzutsa fumbi. Ndinaphunzira kutsatira galimoto ndi thupi lonse monga utsatira njiwa ndi legeni, n'kudina usanasiye kutembenuka. Zambiri zinkatuluka zosaoneka bwino, ndipo filimu si yotola. Koma ikagwira, galimoto inkaoneka mbee, mitengo ndi anthu kumbuyo kwake zitasanduka mizere. Mgiriki ankaziika pawindo, oyendetsawo n'kumagula osadziwa kuti anajambula ndi munthu wosesa uja. Phindu tinkagawana, iye kumtunda ine kumunsi. Ndinagula suti ndi chipewa. Kumudzi ndinkatumizabe, koma mawu anga ankafupika chaka ndi chaka.

Tsiku lina Sandikonda anabwera ndi uthenga wa a Gidiyoni, atsibweni ake a Enelesi. Faidesi, mng'ono wake wa mkazi wanga, ankakwatiwa ku tchalitchi cha mishoni anthu akakolola, ndipo ankafuna ndikajambule. Sandikonda anapukuta manja pa epuloni yake asanamalize.

"Akuti mukapanda kuoneka pa ukwatiwo, ndinu mtchona, Enelesi am'masula," anatero. "Mukaoneka, akhala pansi aone ngati akukufunanibe. Ndipo mawu otsiriza ndi a amayi ake."

Ndinachita mantha, ndipo manthawo ndi amene anandidziwitsa kuti banja langa ndinkalifunabe. Ndinapempha Mgiriki kuti andibwereke lenzi yaifupi, koma anakana poti Loweruka lililonse inali pantchito. Ndinathamangira kwa mwenye kuti tisinthane, ndinapeza yaifupi ija anagula ena kalekale. Ndinanyamuka ndi yomwe ndinali nayo.

Ku Mlolo anandilandira ngati mlendo wolemekezeka, ndipo zimenezo zinandipweteka kuposa kundilalatira. Enelesi anagwada patali n'kundifunsa za ulendo. Marita, yemwe anali atayamba kale kutunga madzi m'kachitini, anabisala kumbuyo kwa amake. Anandiyalira m'nyumba ya alendo. A Gidiyoni anati nkhani yanga idikire, ukwati uyambe wadutsa. Apongozi ndinangowamva kutsokomola kuseri kwa nkhokwe.

Tsiku la ukwati kunali mphepo ya m'nyengo yozizira, koma dzuwa linawala. M'tchalitchi sindinayese n'komwe, munali mdima woti lenzi yanga sikanaona kanthu. Atatuluka, a Gidiyoni anandandalitsa anthu pakhomo, akwati pakati, abale uku ndi uku. Apongozi anakana kulowa mumzere. Kuima maso ndi maso ndi mkamwini sakanatha, choncho anakaima kuseri kwa ngolo, nsalu kumaso. Faidesi anawachonderera, iwo osasuntha.

Ndinaima patsogolo pa gululo n'kuwerama pa kamera. Chimene ndinaona ndi khutu la mkwati basi. Ndinabwerera m'mbuyo, ndinaona mkwati ndi theka la mkwatibwi. Ndinabwereranso, kudutsa pamene anaimika njinga, kudumpha msewu, mpaka kulowa m'munda wa mtedza wokumbidwa kale, suti yanga ikukola zisoso. Anthu anayamba kuseka. Wina anakuwa kuti aPhiri ayambapo ulendo wa ku Halale chafutambuyo. Manyazi anandigwira, ndipo ndinadziuza kuti mlandu wanga watha usanayambe, pakuti ngakhale ntchito imene ndinathawira khasu yandikanika pamaso pa mudzi wonse.

Pakati pa mundawo gulu lonse linakwana. Ndinajambula kawiri. Ndili chiweramire, ndinaona kanthu kofiira kakuyenda m'mphepete mwa kagalasi. Ndinatembenukira komweko monga ndinkachitira ndi magalimoto, n'kupotoza mkombero. Anali apongozi, atatuluka kuseri kwa ngolo, nsalu atachotsa kumaso, bulangete lofiira lija lili pamapewa. Kwa nthawi yoyamba ndinaiona nkhope yawo bwinobwino. Anali ndi mphini m'masaya ndi mpata pakati pa mano, wofanana ndi wa Enelesi. Ananjuta pambali pa Marita, kum'gwira chibwano n'kum'tembenuzira kwa ine, chala chikuloza kumunda. Zimene ankanena sindikanazimva, koma ankamwetulira. Ndinakanikiza kamera pamimba, ndinagwira mpweya, n'kudina. Kenako iwo analowa mumzere pambali pa Faidesi, ndipo ndinajambula gulu lonse kachitatu.

M'mawa mwake anandiitana pakhonde pa a Gidiyoni. Iwo analankhula nthawi yaitali za amuna amene amaiwala kuti mkazi sakwatiwa ndi nsalu zotumiza. Ine ndinangoti ndabwera, ndipo ngati andilola sindibwereranso. Atamaliza anatuma Enelesi kuseri kwa nyumba, kumene kunali amayi ake. Sanachedweko. Anabwera n'kugwada, maso pansi.

"Akuti khasu la aPhiri lili pomwe analisiya. Mpini unafumbwa, anaikamo wina."

A Gidiyoni anati ndiye kuti nkhani yatha. Madzulo ake Enelesi ananyamula sutikesi yanga kuichotsa m'nyumba ya alendo.

Filimuyo ndinakatsukitsa ku tauni ya Fort Jameson, pa njinga yobwereka. Zithunzi za gulu zinatuluka bwino ndithu, kungoti anthu anaoneka othinana ngati awapanikiza kukhoma. Cha apongozi ndi Marita chinaposa zithunzi zonse za magalimoto zimene ndinajambulapo. Ku Halale sindinabwererenso. Ndinalima, ndipo m'chilimwe ndinkajambula maukwati kuyambira ku Zingalume mpaka kwathu ku Pembamoyo. Lenzi yaifupi ndinadzaigula pambuyo pake ndi ndalama za mtedza, koma mabanja ena ankapemphabe yaitali, ati azimayi achikulire amamasuka wojambula akakhala kutali.

Panapita nthawi ndisanafunse Enelesi chifukwa chimene amayi ake sankandiponyera ngakhale moni masiku aja. Anadabwa kuti ndinkadandaula nazo. Anati amayi ake analeredwa kuti mkamwini amene umam'lemekeza sum'tayira mawu panjira, ndipo amene ankalonjera ali kutchire iwo ankawatcha opepuka. Bulangete lija ankalisunga mumtanga, ankafunda pa masiku akuluakulu okha. Ndinafunsanso chimene chinawatulutsa kuseri kwa ngolo tsiku lija. Enelesi anaseka mpaka kupukuta misozi.

"Anati akamwini a ku Halale amabwera atataya mwambo, amakuyang'ana m'maso ngati mnzawo. Koma inu mutaona kuti iwo akusowa poima, munadzichotsa nokha mpaka kumunda, n'kuweramitsa mutu nthawi yonseyo. Anati mkamwini waulemu chotere sangam'pereke kwa mphepo."

Ndinam'pempha Enelesi kuti asawauze za lenzi, ndipo sanawauze. Apongozi anakhala nafe zaka zambiri. Mpaka tsiku limene tinawaika m'manda, tikakumana panjira iwo ankapatukira uku, ine uko, popanda mawu. Ine ndinkavula chipewa n'kuwerama, tsopano mochokera pansi pa mtima.