Amayi Juliana Miti ndi Mwezi wa Juni

Bambo mfumu anandipempha kuti ndilembe za moyo wa akazi anga, Juliana, kuti zilowe m'kalata ya mpingo. Ndinakana kawiri. Kachitatu anabwera kunyumba ndi pepala ndi pensulo, nakhala pampando nkundidikira. Ndiye ndalemba. Sindine munthu wa mawu ambiri, koma zimene zili pano ndinaziona ndi maso.

Juliana anabadwira m'mudzi wa kumpoto kwa Fort Jameson. Chaka sitichidziwa, koma nkhondo yoyamba ya Jeremani itatha anali namwali. Amayi awo anamwalira iwo akadali aang'ono, ndipo anakulira kwa azakhali awo, m'nyumba ya ana asanu ndi awiri. Kusoka anaphunzira kwa mkazi wa katekisiti, amenenso anawaphunzitsa mapemphero. Anayenda zaka zitatu kumaphunziro a ubatizo, ulendo wa theka la tsiku wapansi. Tinakwatirana mu 1921. Ana awiri oyamba sanakhalitse. Wachitatu, Patson, ali moyo ndipo ali ku Luanshya.

Mu 1930 ndinawatenga kubwera nawo kumgodi wa Bwana Mkubwa, kumene ndinapeza ntchito. Chaka chotsatira mgodi unatsekedwa. Anzathu ambiri anabwerera kumudzi. Ine ndinakana kubwerera chimanjamanja, ndipo tinamanga msasa kunja kwa Ndola, ine nkumanyamula katundu pasiteshoni pamene ntchito yapezeka. Mumsasa umenewo munabadwa mwana wathu wamkazi, Philomena. Juni wa 1932 anatipeza ndi bulangete limodzi anthu anayi. Philomena anadwala chibayo masiku asanu, namwalira ali ndi miyezi isanu.

Juliana sanandinene, ngakhale amene anakana kupita kumudzi ndinali ine. Titachoka kumanda anati: "Bambo ake Patson, Mulungu sanatibisire Juni. Amabwera chaka chilichonse nthawi yake yomweyo. Sadzandipezanso ndili chikhalire." Kuyambira pamenepo anali ndi ntchito imodzi yoposa zonse: kuti kuzizira kusatengenso mwana pamene iwo ali.

Mu 1934 ndinalembedwa ntchito kumgodi wa ku Kitwe, ndipo tinapatsidwa nyumba m'komboni, chipinda chimodzi, denga la malata, pansi pa simenti. Malipiro anali ochepa. Juliana ankayamba mu Epulo, mvula ikangosiya. Ankatola masaka akale a ufa amene ena ankataya, kuwachapa, kuwapuntha pamwala mpaka afewe, kenaka kusoka awiriawiri ataika udzu wouma pakati. Ena ankayala pansi pa mphasa kuti simenti isatiyamwe thupi, ena tinkafunda. Juzi yong'ambika ankaimasula ulusi wonse nkuluka tizipewa ndi timasokosi ta ana. Ming'alu ya khoma ankaimata ndi dothi la pachulu. Nkhuni ankatola mtolo umodzi tsiku lililonse pochokera kudimba, ndipo pofika Meyi kuseri kwa nyumba kunali mulu. Posoka ankanena korona chapansipansi. Singano ikathyoka ankayamba athokoza kuti yagwira ntchito nthawi yonseyo, kenaka nkukabwereka ina.

Anzawo ankawaseka. Dzina lakuti Amayi a Masaka linayamba ngati chipongwe. Iwo ankangoyankha kuti, "Saka silidziwa kuti ndi saka, limangofunditsa."

Tsopano ndinene cholakwa changa. Kumudzi kwathu moto umakhala m'nyumba nthawi yonse yozizira, ndipo palibe amene amafa nawo, chifukwa denga ndi la udzu ndipo mpweya umadutsa. Ife tonse tinabwera ndi nzeru imeneyo. Nyumba za m'komboni zinali ndi timipata pakati pa khoma ndi malata. Mmawa wina mu Julaye wa 1937 ndinachoka kushifiti nditazizidwa mpaka m'mafupa. Juliana anali ku Misa. Ndinatenga nsanza nkutseka timipata tonse, ndinalowetsa mbaula ya makala, ndinatseka chitseko nkuika saka kunsi kwake, ndipo ndinagona ndikudziyamikira.

Ndinatsitsimuka ndili panja pafumbi, mutu ukuwawa ngati wamenyedwa ndi nyundo. Juliana ndi mayi wina woyandikana nafe anandikoka miyendo. Kuchipatala wothandiza dokotala anatiuza kuti makala amatulutsa mpweya wopanda fungo umene umagoneka munthu osadzukanso, ndipo Juliana akanachedwa pang'ono ndikanapita.

Pobwerera Juliana anandifunsa: "Bambo ake Patson, munkafuna kufunda kapena kufa?"

"Kufunda."

"Tsono mudzafunda. Koma mbaula m'nyumba mwanga sidzagonanso."

Ine sindinavomere msanga. Ndinati anali malungo. Ndinati makala ake anali oipa. Sabata yonse ndinkalowetsa mbaula, iwo nkuitulutsa, popanda mkangano. Kenaka anabwera ndi njerwa zinayi zosweka zimene anatola pamalo pamene anthu ankamanga sitolo. Ankaziika pambaula panja pophika chakudya chamadzulo, nkuzikulunga m'saka, nkuziika kumapazi kwathu. Zinkafunda mpaka mbandakucha. Nditaona zimenezo ndinasiya, ngakhale sindinawauze kuti anali olondola. Ndikunena lero.

Mu Meyi aliyense pambuyo pake Juliana ankayendera mabanja atsopano pamzere wathu wa nyumba, Akatolika ndi a mipingo ina, Anyanja ndi Abemba omwe. Chibemba chawo chinali chothyokathyoka, koma ankamveka. Mawu awo anali amodzi: mbaula igone panja, njerwa zigone m'nyumba, timipata ta pamwamba musatseke.

Mu 1941, nkhondo ili mkati ndipo mabulangete akusowa m'masitolo, pafupi nafe panafika mnyamata wa ku Katete dzina lake Fanwell, ndi mkazi wake Emelda, ndi khanda la miyezi itatu. Juliana atalowa m'nyumba mwawo anapeza timipata tonse totsekedwa kale.

"Amayi," anatero Emelda, "kwathu moto umagona nafe kuyambira ndili khanda. Mwati wayamba liti kupha?"

"Kwanu denga ndi la udzu, mwana wanga. Udzu umapuma. Malata sapuma."

"Nanga mwanayu ndimufunditse chiyani? Nsalu ndi yomwe ndavalayi."

Juliana anabwera kunyumba, natenga bulangete lathu latsopano, limene ndinali nditagula chaka chomwecho nditadikira nthawi yaitali, nakapereka. Ndinakhala masiku awiri osawalankhula. Tsiku lachitatu anati: "Ife tili ndi masaka, ndipo khungu lathu ndi lakale. La mwana uja ndi la dzulo."

Fanwell anali wamakani ngati ine. Akatseka timipata, Juliana ankadikira apite kuntchito, nkulowa ndi ndodo nkutokosola nsanza zonse, Emelda akuseka pakhomo. Tsiku lina Fanwell anandipeza panjira ya kumgodi.

"A Miti, kodi akazi anu analembedwa upolisi wa komboni? Aletseni."

"Ndinayesa," ndinatero.

"Ndiye?"

"Ndikugona ndi njerwa."

Anaseka, koma sanasinthe. Juliana ankadzuka mmawa uliwonse nkuyang'ana chitseko cha nyumba ija mpaka chitatseguka, ndipo pokhapo ndi pamene ankapita ku Misa. Kumapeto kwa Juni, kumbali ina ya komboni, anthu anathyola chitseko masana napeza bambo, mayi ndi ana awiri atagona bwinobwino, mbaula ili pakati itazima. Achibale anayamba kuloza anansi kuti ndi afiti. Juliana anapita kumaliro, nakhala ndi amayi, nawauza mofatsa za tsiku limene anandikoka miyendo. Ena anamva, ena ayi. Tsiku lotsatira Fanwell anaima pakhomo pathu chipewa chili m'manja.

"Amayi, njerwa zija mumazitola kuti?"

"Khalani pansi, mumwe tiyi. Zanu ndinasunga kale kuseri."

Khanda lija ndi Susan amene chaka chatha analandira Ukaristia koyamba.

Juliana anayamba kutsokomola mu 1947. Pofika Epulo wa 1948 sankathanso kuyenda mpaka kutchalitchi. Sanadandaule. Anapempha kuti tiziwayalira mphasa pakhonde padzuwa, ndipo amayi a pamzere ankabwera ndi masaka awo kudzasokera pomwepo. Emelda ndiye ankayenda m'nyumba m'malo mwawo nkubwera kudzanena zimene waona. Juliana ankafunsa nyumba ndi nyumba, mwana ndi mwana, ndi maina awo. Chaka chimenecho kunazizira kwambiri, mpaka madzi a m'beseni ankaumitsa zala. Ine ndinkaopa kuti Juni awatenga. Iwo anati: "Sindingapite ntchito ili pakati."

Anadutsa Juni, anadutsa Julaye. Sabata yachiwiri ya Ogasiti mphepo inasintha. Lachinayi mmawa bambo mfumu anabwera kudzawadzoza. Masana anaitanitsa Emelda.

"Amake Susan, kwatha kuzizira?"

"Kwatha, amayi. Anthu ayamba kuchapa masaka."

"Ana a pamzere?"

"Onse alipo."

"Ndi wa kwa Abemba aja a kumapeto, wobadwa masiku asanakwane?"

"Alipo. Akuyamwa ngati mwana wa ng'ombe."

Juliana anaseka pang'ono. Anati, "Zikomo, Ambuye." Kenaka anatembenukira kwa ine nati, "Bambo ake Patson, mwandisunga bwino." Ine ndinangowagwira dzanja. Tinayamba korona, ndipo tisanafike pakati anali atapita, dzuwa likadali pakhonde.

Sanasiye chuma. Zovala zawo zinakwana m'kabokosi kamodzi. Koma m'zaka khumi ndi chimodzi zimene anayenda m'nyumba za pamzere wathu, sitinaike m'manda mwana wofa ndi kuzizira kapena munthu wofa ndi makala. Ndikuthokoza Mulungu amene anandipatsa mkazi ameneyu zaka makumi awiri ndi zisanu ndi ziwiri. Ndikuthokozanso amayi a mpingo amene anabwera mwezi watha kudzamata khoma langa ine ndikukana, namata ndithu.

Chaka chino pamzere wathu pafika mabanja atatu atsopano. Kwa awiri ndapitako, ndipo sindinalankhule bwino. Kwinako anaganiza kuti ndabwera kudzapempha moto. Kwachitatu ndipita Loweruka dzuwa likapendeka. Ngati alipo mayi wodziwa kulankhula kuposa ine, andipeze pakhomo tipitire limodzi.

Ambuye awapatse mpumulo wosatha. Muziwakumbukira pa Misa.

Pius Miti
Kitwe, Meyi 1949