Chikhoti Choyera ndi Pointi Imodzi

Atate anga ankakhulupirira zinthu ziwiri: Baibulo ndi zonena za mwana wa aneba. Chimene chinandidyera chaka chathunthu n'chachiwiricho.

Tinkakhala ku Ipusukilo, kuseri kwa msika. Atate ankawotcherera mageti ndi mafelemu a mawindo m'mbali mwa msewu, koma Lamlungu ankavala jekete n'kukhala kutsogolo monga mkulu wa mpingo. Mpingo wathu unali wa anthu akum'mawa okhaokha, malo amodzi mu Kitwe monse kumene munthu unkapuma Chibemba n'kuimba m'chilankhulo cha kwanu.

Zotsatira za geredi thwelofu zitatuluka ndinapeza mapointi leveni. Kwa amene simudziwa, mapointi amenewa ali ngati nsabwe, akachepa m'pamene umasangalala. Yunivesite imaika malire ake amene aliyense amawatcha katofu, ndipo ukawapitirira, khomo latsekeka. Ine ndinkafuna sayansi. Ndinkaifuna ndi mtima wonse, osati zocheza.

Mwana wa aneba uja, bambo wandevu zake amene anali m'chaka chachitatu payunivesite, anauza atate kuti chaka chapitacho katofu ya atsikana pa sayansi inali thwelofu. Atate anawerenga ndi zala, kenaka anaomba m'manja.

"Basi walowa! Mpaka pointi ina yatsalako ya chenji."

"Atate, katofu imasintha chaka ndi chaka," ndinatero. "Zimatengera mmene anthu akhozera."

"Iwe, zinthu za boma zisinthe ngati mtengo wa tomato? Usandiphunzitse."

Kumpingo kwathu kuli mwambo wakuti banja likaona dalitso, kaya mwana wabadwa kaya wodwala watuluka m'chipatala, limaimirira kutsogolo kukayamika. Mafomu anga ofunsira malo anali asanathe ndi sabata yomwe ku ofesi, atate anatiimiritsa. Ine, amayi, ndi iwo pakati, chifuwa patsogolo. Anauza mpingo kuti Mulungu watsegula khomo, mwana wawo akupita kukaphunzira sayansi. Mawuwo pochoka kutsogolo anali sayansi, koma pofika benchi yomaliza ndinali dokotala kale. Nthungululu zake! Amayi ena anagwa nazo m'kanjira ka pakati, ine nditangoti njo, kuyang'ana simenti.

Amayi a chigwirizano sanachedwe. Anabweretsa thiranki yachitsulo, bulangete, ndowa ndi mbale ziwiri. Ndiye panali atelala, nkhalamba ya mumpingo mwathu imene inkasoka pakhonde la sitolo kumsika. Iwo anandisokera chikhoti choyera cha madokotala osandiyeza n'komwe. Manja ake ankapitirira zala zanga, m'munsi chinkasesa pansi.

"Udzakuliramo," anatero atelala.

Mndandanda wa osankhidwa anaumata pakhoma la yunivesite. Ndinauwerenga kuchokera pamwamba mpaka pansi, kenaka kuchokera pansi mpaka pamwamba, ngati dzina lingabisale. Katofu inali teni. Ndinakhala pansi pomwepo.

M'mawa mwake atate anavala jekete la Lamlungu pa Lachinayi, n'kunditenga kupita ku ofesi yolembera ophunzira. Manyazi amene ndinaona tsiku limenelo sindidzawaiwala. Atate anaima pawindo n'kuyamba kunenerera ngati akugula kapenta.

"Pointi imodzi chabe, mayi. Imodzi! Chotsaniko. Mwanayu ndi wa kwaya, samwa, sayendayenda."

Mayi wa pawindopo anayankha m'Chibemba, mwaulemu ndithu, kuti iye saika katofu ndipo sangaisunthe. Atate anayang'ana zitsulo za pawindo, n'kunena kuti zawotchereredwa moipa, iwo atha kuzikonza ulere. Anthu a pamzere anaseka mpaka wina kutsamira khoma. Ine ndinawakoka jekete, tinatuluka.

Kunyumba ndinanena zanzeru zimene ndinali nazo. Ndikanatha kulembanso masamu kuti mapointi atsike, kapena kufunsira malo kukoleji. Atate anamvetsera mpaka ndinamaliza, ndiye anafunsa funso limodzi.

"Nanga mpingo ndikauuze chiyani?"

Amayi anayesa kunena kuti mpingo ndi anthu, adzamva. Atate anati mkulu wa mpingo sangaimirire kawiri, koyamba kuyamika, kachiwiri kubweza chiyamikocho. Mulungu ungamuuze kuti pepani, tinafulumira? Nzeru imene anapeza inali iyi: ndipite ku Ndola, kwa azakhali ku Itawa, ndipo anthu auzidwe kuti andiika ku sukulu ya udokotala ya kumeneko. Zolembanso mayeso anakaniratu. Dokotala angakhale pabenchi ndi ana olephera? Nanga wina akandiona?

Choncho ndinapita kuyunivesite ya kukhitchini kwa azakhali. Amuna awo ankagwira ntchito mu ofesi, ana anali anayi, wantchito anali atangochoka kumene, ndiye mukuona mmene Mulungu amayankhira mapemphero a anthu ena. Sayansi yanga inali ya sopo ndi madzi. Azakhali, pakamwa pawo posatseka paja, ankaitana ali pampando:

"A dokotala! Mapoto aja akudikira opaleshoni."

Ndinkaseka nawo, nanga n'kutani, ukudya zawo. Koma masana ana akapita kusukulu ndinkakhala pa thiranki ija n'kulira, kulira kwenikweni kwa mamina. Anzanga a mapointi teni anali m'malabu, ine ndikuchapa masokosi a mwamuna wa azakhali chifukwa cha pointi imodzi ndi jekete la atate.

Atate ankafunsa mwana wa aneba masiku otsekera sukulu, kuti nanenso ndizibwera pa holide nthawi yoyenera. Ndikafika, ankauza amayi kuti achape chikhoti chija n'kuchiyanika pachingwe chakumsewu, ngakhale chinali chisanagwirepo ntchito. Anthu a mumpingo ankabwera ndi matenda awo. Uyu zidzolo, uyu bondo, wina kunditsegulira kukamwa pakhonde kuti ndione dzino. Onse ndinkawayankha chimodzi: "Mutu umenewo sitinafikepo kusukulu, pitani kukiliniki." Ankagwedeza mitu n'kumapita, akuyamikira kudzichepetsa kwanga.

Pa holide yachiwiri, Loweruka masana, atate ali kuntchito ndipo amayi ali kumsika, kunabwera atelala. Anakhala pa kampando n'kutulutsa kapepala kapulasitiki kokhala ndi mapaketi atatu a mankhwala. Akazi awo anali atatuluka m'chipatala ndi matenda a shuga ndi kuthamanga kwa magazi, ndipo nkhalambayo inasokonezeka, akuti ndi a m'mawa, akuti ndi a madzulo.

"Tandionera, mwanawe. Dzulo anachita chizungulire, ndiye ndikuopa kuti mwina ndikuwapatsa mosemphanitsa."

Zidzolo ndi bondo zinali nthabwala, koma apa panali munthu woti atha kufa. Ndinagwira mapaketiwo, ndipo bodza lonse linandikwana.

"Agogo, ine si dokotala. Sindili payunivesite iliyonse. Anandisiya ndi pointi imodzi. Ku Ndola ndimatsuka mbale kwa azakhali."

Ndinadikira kuti adzidzimuke. Atelala anangokanda khutu.

"Tidziwa."

"Mudziwa?"

"Mpingo wonse udziwa. Mndandanda suja anaumata pakhoma? Amayi awiri a chigwirizano amasesa komweko. Tinadziwa tsiku lomwelo, iwe usanafike ndi kunyumba komwe. Ine ndabwera chifukwa umawerenga Chingelezi ndipo maso ako ndi abwino. Tawerenga zimene alemba apazi."

Ndinawerenga. Zinali zolembedwa poyera: awa kamodzi m'mawa, awa kawiri mutadya. Ndinawalembera ndi zilembo zikuluzikulu pa paketi iliyonse, n'kuwauza kuti za chizungulirezo akanene kukiliniki Lolemba. Koma m'mutu mwanga munali moto. Miyezi isanu ndi itatu! Miyezi isanu ndi itatu ndikuchapa masokosi kubisa chinsinsi chimene ngakhale ana a Sande sukulu ankachidziwa. Aja onditsegulira kukamwa aja, aja ogwedeza mitu aja, onse ankasewera sewero, ine ndi atate tili zidole zawo.

"Ndiye bwanji simunanene?" ndinafunsa, mawu atakwera kuposa mmene mwana amayankhulira ndi nkhalamba. "Mumatiseka?"

"Oseka alipo, sindikunamiza," anatero atelala akumanga kapulasitiki kawo. "Koma atate ako anaika denga la tchalitchi chija ndi manja awo, osalandira kanthu. Maliro alionse, oyamba kufika ndi iwo. Munthu wotere sitingamuvule pagulu. Iwo okha ndi amene sadziwa kuti tidziwa. Usawauze."

Ananyamuka, n'kuima pachingwe pamene panali chikhoti, n'kugwira msoko wa paphewa ngati akuyesa ntchito yawo. Kenaka anapita.

Lamlungu ndinakhala m'kwaya n'kumayang'ana mpingo. Nkhope zonse zoyera, zopemphera, palibe ndi mmodzi yemwe wophethira. Anthu akum'mawa pobisa nkhani, ndawagonjera. Ndinatsimikiza mumtima kuti ndikafika ku Ndola ndikalembetsa mayeso obwereza, atate afune asafune, ndipo ndinatsimikizanso kuti ndisanakwere basi ndiwauza zonse, amve mmene zimawawira.

Lolemba m'mawa anandiperekeza. Thiranki anaisenza okha paphewa, monga ankachitira nthawi zonse, ndipo anadzera dala pakati pa msika. M'thirankimo munali madiresi awiri ndi chikhoti basi. Amayi ogulitsa tomato ndi makala ankakuwa, "Ayende bwino a dokotala!" Atate ankayankha aliyense, dzanja lina m'mwamba, mano onse panja. Ine ndinali pambuyo pawo, mawu ali pamlomo. Ndinkaona thukuta likutsika m'khosi mwawo, ndi timabala ta moto wowotcherera tili mbwee padzanja limene linagwira thiranki.

Pa siteshoni anaikweza m'basi, n'kusuzumira pawindo pamene ndinakhala. Kumwetulira kuja kunali kutatha. Anayang'ana uku ndi uku, n'kutsitsa mawu.

"Pirira, mwana wanga. Ndikudziwa ndakulakwira. Koma anthuwa asadziwe."

Kondakitala anali akumenya kale chitseko.

"Sadzadziwa, atate," ndinatero.